Chingwe cha Nyansi

Pietermaritzburg
Novembala

Okondedwa achemwali a Tinenenji,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana kanu, kamene ndimangokaonera pa zithunzi. Amayi ali bwanji? Bondo lija likuwalola kupita kudimba? Malume akuti pa foni amayi amangoti ali bwino, koma inu mukudziwa kuti amayi angathe kunena kuti ali bwino ngakhale denga likupsa. Mundiuze zoona. Ine kuno ndili bwino. Mayeso a kumapeto kwa chaka tayamba, masamu ndalemba kale ndipo sanandizunze kwenikweni. Mvula yayamba ndi matalala, inaswa galasi la kukhitchini. Malume anazulitsa dzino, masiku ano akutafunira mbali imodzi.

Mudabwa kuti ndalemba pa pepala pamene foni ilipo. Foni yanga msuweni wanu Luyanda amaitsegula ngati kabati ya mbale, ndipo zimene ndikulembazi sindikufuna aziwerenge mokweza pa tebulo. Kalatayi ndapatsira a Jekapu a pa basi. M'kalatamu muli pempho limodzi, lili kumapeto, koma musathamangire kumeneko. Mukayamba ndi pempholo muganiza kuti ndapenga. Mwina mukawerenga zonse muganizabe choncho.

M'nyumba muno muli galu. Sindikunena panja, achemwali, ndikunena m'nyumba, momwe timadyera ndi kugona. Anayambitsa ndi Luyanda. Anzake a kusukulu onse ali ndi agalu otola, ndiye naye analira mwezi wathunthu mpaka mayi ake, anti Nokwanda, anavomera. Malume anangoti iwo alibe mawu. Loweruka lina tinakwera galimoto tonse kupita kumene amasungira agalu otayidwa ndi olandidwa kwa eni ankhanza. Ine ananditenga kuti ndikanyamule thumba la chakudya chake.

Luyanda anali atasankha kale pa foni. Pa chithunzi anali galu wofiirira wa maso achisoni. Amene anatitulutsira anali mafupa okhaokha, wamkazi, mchira uli pakati pa miyendo, fungo lake ngati chiguduli choiwalika m'ndowa. Khosi lonse mulibe ubweya, muli mzere wa chikopa chonyezimira ngati chipsera cha moto. Mayi Rampersad, amene amayang'anira malowo, anati anamupeza kuseri kwa yadi ya zitsulo zakutha, pa tcheni chimene anamumanga ali kamwana osamumasulapo. Tchenicho chinali chitalowa m'mnofu, pochotsa anachita kudula.

Pamene Luyanda ndi anti ankajambulitsa naye, ine ndinaima pafupi ndi khomo la ofesi, ndiye ndinamva zimene mayiwo ankauza wantchito wawo. Anati galuyu mabanja awiri amutenga kale n'kumubweza, ndipo akabwera kachitatu khola lake silidzapezekanso, adzangomubaya jakisoni wogona osadzukanso. Anatero mosakweza mawu, ngati akunena za mvula. Anti anasainira malamulo awiri: galu azigona m'nyumba, ndipo asadzamangidwenso, kaya ndi tcheni kaya ndi chingwe. Mayiwo anati adzabwera kudzaona tsiku limene sitikuliyembekezera.

Luyanda anamutcha Pirinsesi. Ine ndimamutcha Nyansi, ndipo muwerenge kaye musanandidzudzule.

Tsiku loyamba lomwelo anamusambitsa m'bafa lathu, momwe timasambamo anthufe. Madzi anada bii, nkhupakupa zikuyandama ngati njere za papaya. Pomupukuta anatenga thaulo langa, akuti ndi limene linali pafupi. Kenaka Luyanda anagwada n'kumupsompsona pamphuno, galu amene ndinali nditangomuona akudya masanzi ake omwe m'galimoto. Ndinatuluka panja kukalavula. Luyanda ananditsatira akuseka, amvekere, “Taonani Mmalawi uyu, akuthawa galu! Kwanu mumapsompsona chiyani, mbuzi?” Ndinamuyankha kuti kwathu mbuzi imadziwa malo ake, ndipo kuyambira lero asamwerenso kapu yanga. Anati kapuyo anamwetsera kale galu. Mpaka pano sindikudziwa ngati ankanama, koma ndimamwera m'botolo.

Anamugulira bedi lake la pilo, mbale ziwiri zonyezimira, ndi kajuzi. Galu sanayang'ane ndi chimodzi chomwe. Ntchito yake inali kuzungulira. Amayambira pakati pa chipinda chochezera, kuzungulira, kuzungulira, lilime lili panja, zikhadabo zikulira pa matailosi, mpaka iwe woonerera chizungulire chikugwira. Akapanikizika amadzithandiza pomwepo, n'kupitiriza kuzungulira akupondamo. Mukamutsegulira chitseko kuti apite pa kapinga, amafika pakhomo, kuima ngati wagunda galasi, n'kubwerera. Atamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, zimene zinatuluka sindikulemberani, mwina mukuwerenga mukudya.

Pamaso pa munthu samadya. Ankangoba: mutu wa nkhuku m'bini, pepala lokulungira nyama, ndi zina za m'bini ya kubafa zimene mlongo salembera mlongo wake. Zonsezo ankakazibisa kunsi kwa bedi langa. Chimene anasankhira chipinda changa sindikuchidziwa bwino. Mwina poti ndine ndekha m'nyumba muno amene sindimuitana, sindimugwira, sindimuyang'ana m'maso. Ena onse ankamuthamangira manja ali yandayanda, mawu atawachepetsa ngati akunyengerera khanda. Ine ndikabwera kusukulu ndimakhala pa tebulo langa duu. Ndiye ndinkangomva kupuma kunsi kwa bedi, ndi fungo likukwera. Yunifolomu yanga inayamba kununkha galu. M'kalasi ndimakhala ndekha kale, koma tsopano mtsikana wa kutsogolo kwanga anasunthanso desiki yake.

Wokolopa mwamudziwa kale. Luyanda akuti akaona manyi amamva mseru, ngati ineyo ndimamva njala. Anti amalawirira kuntchito kuchipatala. Malume anandipeza tsiku lina nditagwada m'kolido, pulasitiki ili kumanja, ndikupala pansi. Anaima n'kupukusa mutu, amvekere, “Mphwanga, izi ukakazinena ku Mponela akakuika m'mapemphero.” Ndinawafunsa kuti bwanji osawauza anti. Anayang'ana kaye kuchitseko, ndiye anati mkamwini sanena kuti ndiwo zachepa mchere, amangodya.

Zinafika poipa Lamlungu lina anti ataitana anzawo a kutchalitchi kudzawotcha nyama. Anthu anadzaza pabwalo, ana akukuwa, wailesi ili pamwamba. Luyanda anamutulutsa galu kunsi kwa bedi langa pomukoka miyendo yakutsogolo, anamuveka kajuzi kaja, n'kumukhwekhwerezera panja kuti anthu amuone. Ine ndinali pa mbaula ndikutembenuza soseji. Ndinamva anti akuuza mayi busa kuti galuyu tinamupulumutsa, akanafa, anali mafupa okhaokha. Kenaka anatembenuka n'kundiloza ndi foloko, mawu omwewo osasintha, akuti uyunso ndi wa ku Malawi, mwana wa mlongo wa bambo a Luyanda, tinamutenga ali kakang'ono, taonani mmene wanenepera. Mayi busa anati Mulungu akudalitseni, muli ndi mtima wabwino. Achemwali, soseji imeneyo sindinaidye.

Sindikuti anti ndi oipa, ndipo izi musakawauze amayi. Zaka zisanu ndadya phuthu ndi amasi, nsima ndi chambiko zakuno, m'nyumba mwawo, sanandimanepo kanthu. Nthawi imene ndinadwala chifuwa ndi iwo anandichezera. Kungoti pali mawu ena amene munthu ukawamva akunenedwa pa iwe ndi pa galu mpweya umodzi, mate amachita kuwawa m'kamwa.

Anthu atamuzinga galu uja, aliyense akufuna kumusisita, anayamba kuzungulira pakati pawo, kenaka anatsegula m'mimba pa nsapato zoyera za mayi busa. Kamwana kena kanamugwira mchira, iye anatembenuka n'kukhadzula mpendero wa diresi lake. Sanakalume, ndinaona ndi maso anga, mano anagwira nsalu yokha. Koma kukuwa kwake mukanati pagwa fisi. Alendo atapita, anti anati basi zakwana, mayi aja akangobwera amutenge. Luyanda, amene analira mwezi wathunthu uja, anangoti uyu si amene anamuona pa foni, ndipo wamva kuti kwina kuli tiana ta agalu toyera. Ndinawauza za jakisoni. Anti anati zimenezo amangonena kuti anthu azichita manyazi kubweza. Luyanda amvekere, “Nanga iwe zikukukhudza chiyani? Si umamutcha Nyansi?”

Mawa lake nditabwera kusukulu ndinapeza kolido yonse yaipa, ndi kapeti ya m'chipinda chochezera yomwe. Ndinali ndekha. Ndikakolopa apa, iye akupondanso apo, akuzungulira. Mtima unandipsa. Ndinadula chingwe choyanikira zovala, ndinamanga mbali imodzi pa kalamba kake ka m'khosi, ndinamukokera ku mtengo wa mapeyala kuseri, n'kukulunga mbali inayo pa thunthu. Lamulo ndinkalidziwa. Ndinati atimange ngati akufuna, bola ine ndikolope.

Nditamaliza ndinapita kukamumasula. Ndinamupeza ali gone chammbali, miyendo atatambasula, akuliza mkonono. Chibwerere m'nyumba muno ndinali ndisanamuonepo atatseka maso onse awiri. Ndinabweretsa mbale yake. Anadzuka, anadya zonse ine ndili pomwepo, mpaka kunyambita mbale. Kenaka anayenda mpaka pomwe chingwe chathera, anadzithandiza pamenepo, kutali ndi pogona, n'kubwerera kudzagona pa thunthu. Mwaulemu, ngati mwana woleredwa bwino.

Pa zonse zimene ndakolopa m'nyumba muno, palibe chimene chinandinyansa ngati chimenechi. Amuchotsa pa tcheni, amupatsa bedi, nyama, dzina lachifumu, iye chimene akufuna ndi chingwe. Ndinakhala pansi n'kuyamba kumutukwana m'Chichewa, poti kupatula malume ndi yekhayo amene sandiseka ndikachilankhula. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru, kapolo wachabechabe, mbuli yopanda manyazi. Anagwedeza mchira. Kanali koyamba.

Nditazungulira mtengo kuti ndimasule, ndinapeza kuti mfundo yanga inali itamasuka kalekale. Chingwe chinangogona pa dothi. Galu sanali womangidwa konse. Chimene ankafuna ndi kumva kanthu kakulendewera m'khosi, kuti adziwe pamene dziko lake likuthera. Ndiye ndinachisiya chomwecho. Anayamba kuyenda nacho chikukhwekhwerezeka kumbuyo, m'nyumba ndi panja. Akafuna kudzithandiza ndimatola nsonga, ndimatsogola, iye amatsata mpaka kumpanda. M'nyumba sanaipitsemonso, kupatula tsiku limene Luyanda anachivula kuti amujambule bwino.

Ndikaona kuti wazolowera, ndimadulako kachidutswa kotalika ngati chala, iye sazindikira. Tsiku lina ndinachita phuma, ndinadula chachikulu kuti ntchito ichepe. Anazungulira madzulo onse mpaka ndinachita kulumikizanso. Ndinakumbuka amayi aja akamati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zinandikwiyitsa kuti mwambi wa amayi ndikuugwiritsa ntchito pa galu.

Anti atachiona chingwecho anakalipa, akuti ndikufuna kuwachititsa manyazi, aneba aziti m'nyumba ya namwino amamanga agalu. Koma poti kapeti inali youma, anangokalipa osachivula. Malume anayang'ana galu akudutsa ndi chingwe chake kwa nthawi yaitali. Kenaka anati iwo mapepala awo okhalira kuno ndi abwinobwino kwa zaka zonsezi, koma akaona galimoto ya apolisi dzanja limapita lokha pathumba la malaya. Anatero n'kuseka, n'kupita kukasamba.

Mayi Rampersad anabwera Loweruka lina m'mawa, anti akadali ndi duku logonera. Ine ndinali kuseri ndikuchapa yunifolomu, Nyansi ali gone pafupi ndi ndowa, chingwe chake chitalowera kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Mayiwo atachiona nkhope inasintha. Anafunsa anti kuti kodi anasainira chiyani tsiku lija. Anti sanachedwe kuyankha. Anati iwo analetsa, koma mnyamatayu ndi wa ku Malawi, kwawo agalu amawatero, sangamve. Ndiponso galuyu watikanika, angomutenga. Luyanda ankayang'ana zikhadabo zake. Mayiwo anabwerera kugalimoto kukatsegula kakhola ka kumbuyo.

Inu mukundidziwa, achemwali, kuti pamaso pa akuluakulu pakamwa panga pamauma. Koma ndinamva chitseko cha kakholako chikulira, ndiye ndinawatsatira, manja ali thovu lokhalokha. Ndinawapempha kuti asanamutenge akoke kaye chingwecho. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anati alibe nthawi ya masewera. Ndinati angokoka basi. Anawerama, anakoka, chingwe chinabwera chonse m'manja mwawo, nsonga yake ili ndi dothi. Anafunsa kuti chinamangidwa pati. Ndinati palibe.

Sanandikhulupirire. Anavula chingwe pa kalamba. Galu anadzuka, anayang'ana uku ndi uku, anayamba kuzungulira, anagubuduza ndowa yanga, n'kuwakodzera paphazi. Anti anagwira pakamwa. Mayiwo sanasunthe n'komwe, anangoti nsapato zimenezi zaona zoposa pamenepa. Anabwezera chingwe. Galu anausa moyo n'kugona.

Musaganize kuti anandiyamikira. Anandikalipira kuposa anti. Amvekere, “Iwe, mutu wakowu umangonyamulira chipewa? Nailoni iyi ikakodwa pa mpanda uli kusukulu, udzapeza galu atapachikika!” Zimenezi ndinali ndisanaziganize. Anatenga m'galimoto chingwe china chofewa, cha thonje, chimene chimaduka chikakokedwa mwamphamvu. Anachiyeza ndi changa, anadula mofanana, anamanga okha. Anati agalu a pa tcheni awaona ambiri, ena amachira, ena ayi, ndipo ndisadzitame msanga.

Kenaka anati sanganene kwa akuluakulu awo kuti galu ali bwino pamene ali ndi chingwe m'khosi, lamulo ndi lamulo, koma angathe kuiwala kuti lero anabwera. Adzabweranso mu Januwale sukulu zikamatsegulira. Akadzapeza chingwe, ngakhale chachifupi ngati chala, adzamutenga, ndipo kumene adzapite ndikukudziwa kale, poti anandiona nditaima pakhomo la ofesi tsiku lija. Anafunsa kuti galuyu mwini wake ndani kwenikweni. Luyanda anandiloza n'kunena kuti ndi wa Yotamu, iye sankamufuna n'kale. Anti anati ngati ndi wa Yotamu akhale wa Yotamu, koma akangoipitsa kapeti kamodzi foni adzaimba ndi iwo. Mayiwo anafunsa dzina limene ndimamuitanira. Ndinawauza. Anafunsa tanthauzo lake, ndinawauzanso. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti ndi dzina loona lokhalo limene amva chaka chino.

Chichokereni mayiwo, zinthu zikuyenda pang'onopang'ono. Mafupa ayamba kubisika. Sabata yatha anatuluka nane pageti mpaka pakona ya msewu, akunjenjemera, koma anafika. Kumeneko anapeza chule wopondedwa ndi galimoto, wouma, n'kugubudukapo ndi msana wonse mosangalala. Ndinamusambitsa panja ndi paipi, ndi chiguduli, osati thaulo la munthu. Luyanda ankaonerera pa zenera, amvekere, “Akazi ako akununkhira bwanji lero, Yotamu!” Ndinamuuza kuti bola awa amabwera ndikawaitana, nanga mnyamata wake uja wa njinga yamoto ali kuti? Anatseka zenera.

Tsopano pempho lija. Mukudziwa kuti Disembala uno ndi umene malume analonjeza kuti ndibwera kumudzi, koyamba chichokereni. Ndine amene ndakhala ndikuwavutitsa chaka ndi chaka. Inu munandiuza kuti amayi anasunga kale tambala, ndipo aliyense wodutsa pakhomo amamuuza kuti Yotamu akubwera. Tikiti malume akuti agula kumapeto kwa mwezi uno.

Anti ndi Luyanda apita kwawo ku Nongoma mpaka chaka chatsopano. Malume agwira ntchito tchuthi chonse, amachoka kusanache n'kubwera kutada. Ndinafunsa kuti nanga galu. Anti anati akamusiya kumene anthu amasungitsa agalu akamapita kutchuthi. Kumeneko ndi m'tikhola ta waya, agalu ena akuuwa mbali zonse, ndipo chingwe salola. Akakachoka kumeneko adzakhala wabwerera mmene analili, Januwale n'kukwana. Malume ndinawayesa kuti atole nsonga ya chingwe n'kutsogola. Galu anangowayang'ana osasuntha, malume ali “tiye, tiye” m'zilankhulo zitatu. Amatsata ine ndekha. Sindinapemphe zimenezi.

Ndinawauza malume maganizo anga tili awiri. Anati mlongo wawoyo amamudziwa, iwo sangayerekeze kumuuza nkhani yotere pa foni, angawatukwane mpaka khutu litatentha. Anati ngati ndalimba mtima ndilembe ndekha, iwo tikitiyo adzagula ya pa Pasaka.

Ndiye achemwali, ndikupempha kuti muwauze amayi kuti Disembala uno sindibwera. Muwauze ndinu, pamaso, atakhala pansi. Musawanamize kuti ndi sukulu, amayi bodza amalimva fungo lisanatuluke m'kamwa. Muwauze kuti ndi galu. Ndikudziwa zimene anthu akanene pa mjigo, kuti mwana wa a Nabanda wasiya mayi ake chifukwa cha galu, Joni yamudya mutu. Sadzakhala akunama, ndipo ine ndemwe ndikadziganizira zimandinyansa. Pamene ndikulembapa wagoneka mutu paphazi langa, wangodya kanthu kena kakufa kumpanda, mpweya wake ukundifika kumaso. Sindimukonda. Sindidzamupsompsona ngakhale atandiloza mfuti. Koma za jakisoni zija ndinazimva ndi makutu anga, ndipo ena onse m'nyumba muno akuchita ngati sanamve. Amayi ndidzawapeza pa Pasaka. Uyu ndikachoka sindidzamupeza.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Dowa ndi ana awo, kwa amayi aang'ono, ndi kwa achimwene a Sitefano, amene ndikudziwa kuti aseka nkhaniyi mpaka Pasaka yomweyo. Kamwana kanu mukauze kuti kali ndi malume, ngakhale ndi opusa. Tambala uja amayi asamusunge chifukwa cha ine, mudye pa Khirisimasi.

Mu envulopumu mupezamo kachingwe. Ndi kamene ndadula lero m'mawa. Musakanunkhize. Mukawapatse amayi m'manja, muwauze kuti chimene chatsala n'chotalika ngati manja anga onse awiri nditawatambasula, ndipo chikatha ndikubwera. Akakaponya pamoto, musandiuze. Akakasunga, mundiuze.

Ndine mlongo wanu amene akukusowani,

Yotamu